Makapu a pa Khoma la ku Area 10

1. Mizere ya a Sulaiman

Pasukulu pawo aliyense ankadziwa kuti Immaculata Lexon ndi katswiri wojambula. Anajambula ahedi, anajambula oimba otchuka, anajambulanso mnyamata wina wa Fomu 4 mpaka mnyamatayo anayamba kuyenda ngati msewu ndi wa bambo ake. Chimene anzakewo sankadziwa n'chakuti Immaculata ankayala pepala lopyapyala pagalasi la foni, n'kukweza kuwala kwake, n'kumangolondola ndi pensulo mizere yoonekera kunsi. Ankachita zimenezi atatseka chitseko. Kunena mosapsatira, katswiri inali foniyo.

Bambo ake, a Lexon, ankagulitsa kaunjika mumsika wa Tsoka. Ataona zithunzizo anasangalala kwambiri, ndipo tchuthi chitayamba anamutengera kwa mnzawo, a Sulaiman, amene anali ndi shedi yolembera zikwangwani kuseri kwa msikawo. A Sulaiman anali atagwira burashi zaka makumi atatu. Sankaphunzitsa anthu awiri nthawi imodzi, ndipo ana ambiri ankalakalaka malo amene Immaculata anawapeza mosavutikira.

Iye ankaganiza kuti tsiku loyamba lomwelo apatsidwa penti. Anapatsidwa pepala la thumba la simenti ndi pensulo yotafunidwa kumutu.

"Ika madontho awiri otalikirana," anatero a Sulaiman. "Uwalumikize popanda rula."

Mzere unatuluka wonjenjemera, waubweyaubweya.

"Mwanawe, dzanja lako likuyenda ngati la munthu wolemba kalata. Pojambula sitiyendetsa zala, timayendetsa mkono wonse kuchokera paphewa. Usayang'ane nsonga ya pensulo, yang'ana kumene ukupita. Yendetsa dzanja m'malere kawiri katatu usanakhudze pepala, kenako koka kamodzi. Kamodzi kokha. Ukaphonya usabwerezenso pomwepo kuti ubise. Usiye mzerewo ukhale mboni, ukoke wina."

Sabata yonse inathera pa mizere. Sabata yachiwiri anamuikira ndowa patsogolo.

"Kamwa la ndowa ndi lozungulira, eti? Koma uli pamenepo ukuliona lozungulira? Ayi, laphwatalala. Kusukulu kwanu amati elipisi. Ilibe makona. Ongoyamba kumene amaisongola mbali zonse ziwiri, ndiye ndowa imatuluka ndi diso. Taona, ndikaikweza kufika pa maso ako, kamwa latseka, langokhala mzere. Ndikaitsitsa, layasama. N'chifukwa chake tako la ndowa limakhota kuposa kamwa lake, poti lili m'munsi. Dzaza pepalali."

Sabata yachitatu anamuimika m'mbali mwa msewu, dzuwa likuswa mtengo, n'kumuonetsa mapolo a magetsi mmene ankafupikira popita kutali, ndi mbali ziwiri za msewu mmene zinkayandikirana ngati zikukakumana pa kadontho kamodzi.

Immaculata zonsezi zinkamutopetsa mpaka m'mafupa. Ankakoka mizere isanu, a Sulaiman akangotembenuka n'kutulutsa foni.

2. Mayi wa galimoto yoyera

Lachisanu masana, a Sulaiman ali kumzikiti, pashedi panaima galimoto yoyera. Munatuluka mayi wina wonunkhira bwino, makiyi ali m'manja. Anati dzina lawo ndi Mayi Chipulikano a ku Area 10, ndipo Loweruka la sabata yamawa akutsegula malo omwera tiyi pabwalo la nyumba yawo.

"Ndikufuna khoma limodzi lijambulidwe," anatero mayiwo. "Tebulo, makapu asanu ndi atatu, ketulo, mbale ya masikono, ndi kanjira kopita patali kumbuyo kwake. Abwana ako ali kuti?"

Maso awo anagwera pa buku la zithunzi la Immaculata limene linali chitsegukire pabenchi. Analitenga n'kuyamba kutembenuza masamba.

"Wajambula ndiwe zimenezi?"

"Ndine, mayi."

"Ee! Ndiye a Sulaiman ndiwadikiriranji?"

Apa n'pamene mtsikana wanzeru akanati, "Adikireni abwere." Koma kutamandidwa n'kokoma, makamaka kwa munthu amene watha masabata atatu akujambula ndowa.

"Ntchito zing'onozing'ono ngati zimenezo ankolo amangondisiyira ine," anatero Immaculata, osaphethira n'komwe.

Anagwirizana za Lachitatu. Penti akagula okha mayiwo.

Lolemba m'mawa Immaculata anafunsa ngati wongocheza: "Ankolo, nanga khoma ndidzayamba liti?"

A Sulaiman anaika burashi pansi.

"Khoma? Mwanawe, pepala ukalakwitsa umalipinda, amayi aja a pakona n'kukulungira mandasi, nkhani yatha. Khoma silipindika. Limaima pomwepo chaka ndi chaka, mvula ndi dzuwa, likuuza aliyense wodutsa zimene unachita. Ine ndinajambulapo mbuzi pa butchala ina ndili mnyamata. Anthu ankabwera kudzafunsa ngati amagulitsa nyama ya galu. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkazungulira njira ina kuti ndisadutsepo. Pakhoma palibe chokuthandiza koma phewa lako ndi maso ako. Ukadzadzaza matumba makumi awiri a mizere ndi makamwa a ndowa, udzandifunsenso."

Immaculata anavomera ndi mutu. M'thumba mwake munali foni, ndipo mufonimo munali kale chithunzi chokongola cha tebulo la tiyi. Anali atakonza zoti akachikulitse kachigawo kachigawo, kukopera pamapepala, n'kuwalumikiza pakhoma. Sanakopereretu kunyumba chifukwa sankadziwa kukula kwa khomalo.

3. Pageti

Lachitatu anatumiza uthenga kwa a Sulaiman woti mutu ukumupweteka. Anakwera minibasi mpaka ku City Centre, kwinako n'kuyenda wapansi. Ku Area 10 kunali zii. Kunalibe wogulitsa nthochi, kunalibe woitanira minibasi, mipanda yokhayokha yaitali ndi waya pamwamba.

Mayi Chipulikano anakumana naye pageti ali kale m'galimoto.

"Mlonda akuonetsa khoma ndi penti. Ine ndibwera folo koloko. Usaiwale kulemba dzina la a Sulaiman pansi pake, anzanga adziwe kuti ndinaitana akatswiri."

Galimoto inatuluka. Mlondayo, bambo wachikulire dzina lawo a Bonaventure, anakoka geti lachitsulo n'kulikhoma. Kenako anatambasula dzanja.

"Foni."

"Pepani bambo?"

"Foni imatsala kuno. Aliyense wa ganyu."

Immaculata anaigwiritsitsa foniyo. "Bambo, ndimagwiritsa ntchito pojambula. Muli chithunzi chimene..."

"Mwana wanga, tamvera. Chaka chatha kunabwera anyamata okonza mapaipi. Anajambula mawindo, anajambula zitseko, sabata isanathe kunabwera akuba odziwa nyumba yonse ngati anabadwiramo. Amene anagona kupolisi masiku atatu ndine. Kuchokera pamenepo madamu anaika malamulo awiri. Foni imatsala pageti, ndipo wa ganyu satuluka mpaka iwo abwere aone chikwama chake. Ine ndili ndi ana asanu. Sindingataye ntchito chifukwa cha chithunzi chako."

Foni inalowa m'kabati, kabati n'kukhomedwa. Immaculata anayang'ana geti, anayang'ana waya wa pamwamba pa mpanda. Kuseri kwa nyumba kunkauwa agalu awiri a mawu aakulu.

4. Khoma

Khomalo linali loyera mbee, lalitali kuposa iye, m'lifupi masitepe asanu ndi limodzi. Pansi pake panali zitini za penti yamafuta, maburashi atsopano, choko, ndi katoni imene zinabweramo.

Anaima pamenepo nthawi yaitali. Mantha anali atamugwira zenizeni, ndipo analibe womuuza.

Olemba zikwangwani ali ndi mwambo wawo: ntchito ikatha, amalemba dzina ndi nambala ya foni pakona yam'munsi, kuti wokonda ntchitoyo adziwe kowapeza. Zimenezi zimalembedwa pomaliza, munthu atabwerera m'mbuyo n'kukhutira. Koma manja a Immaculata ankafuna chochita, ndipo zilembo zokha ndi zimene ankazitha. Anatsegula penti yakuda, n'kugwada, n'kulemba bwinobwino: SULAIMAN SIGNS, ndi nambala yawo. Anayamba ndi chomalizira.

Kenako anatenga choko.

Tebulo linakana kugona. Analijambula la makona anayi olunjika, ndiye linaimirira ngati chitseko. Anafufuta, anajambulanso, mwendo umodzi n'kutalika kuposa inzake. Makapu anatuluka ndi makamwa osongoka mbali zonse, matako ali phwatalala ngati adulidwa ndi mpeni. Mbale ya masikono inazungulira ngati tayala. Kanjira kaja, m'malo mochepa popita kutali, kanakwera khoma mofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba, ngati makwerero.

Dzuwa litafika pamutu, thukuta lili kamukamu, anaganiza nzeru yopusa kuposa zonse. Anati mwina penti ibisa. Anapaka tebulo bulawuni, makapu buluu, kanjira kofiira. Penti sibisa kanthu. Zimene zinali zolakwika mwa choko zinakhala zolakwika zowala, zooneka munthu ali pageti, ndipo tsopano zinali zosafufutika.

A Bonaventure anabwera pang'onopang'ono, kapu yawo ya pulasitiki ili m'manja. Anapendeketsa mutu uku ndi uku.

"Madamu anati akufuna nsomba?"

"Ndi makapu, bambo."

"Oo." Anamwa tiyi wawo. "Makapu."

Anaika kapu ija pampando n'kupita kukaona agalu. Immaculata anakhala pansi n'kulira, kulira kwenikweni kwa mamina ndi misozi. Anapita pageti kukapempha kuti angotuluka, foni adzatenge tsiku lina. Geti linali lokhoma, makiyi ali m'thumba la mlonda. Anabwerera pakhoma paja poti kunalibenso kwina kopita.

Atakhala pansi, maso ake analunjika pa kapu ya a Bonaventure. Kamwa lake silinali lozungulira. Silinalinso losongoka. Linkakhota mofewa m'mbali, ndipo tako lake linkakhota kuposa kamwa. Anaimirira, kamwa lija linayasama. Ananjuta, linatseka.

Anang'amba katoni ija n'kuiyala pansi. Anayendetsa mkono m'malere kuchokera paphewa, kawiri, katatu, n'kukhudza. Inatuluka ngati mbatata. Sanabwereze pomwepo, anajambula ina pambali. Anadzaza mbali imodzi ya katoni, n'kuitembenuza. Penapake chakumapeto, elipisi imodzi inatuluka yosalala, yotsekeka bwino. Anaikokera mizere iwiri yotsika, n'kukhotetsa tako.

Inali kapu. Munthu akanatha kuthiramo tiyi.

Anaijambulanso ndi choko pakona ya khoma pamene panali poyera, ndipo inatheka. Koma inali imodzi, pakati pa nsomba zisanu ndi ziwiri, ndipo mthunzi wa mpanda unali utafika kale pamapazi ake.

5. Dzina la pansi

A Bonaventure atabwera kudzatenga kapu yawo, anawerama n'kuwerenga zilembo zakuda zija.

"Fili koloko yakwana," anatero. "Mwana wanga, ndikuuze monga kholo. Madamu ndi munthu wabwino, koma akakwiya salankhula ndi munthu mmodzi. Ali ndi gulu la anzawo pafoni, amayi a kuno ku Area 10, a ku Area 3, a m'maofesi a ku City Centre. Kunali telala wina anawaonongera nsalu. Anajambula diresilo n'kutumiza pagulupo ndi dzina lake. Lero telalayo akugulitsa makala. Ndiye iwe usadzivute. Dzina lili apali si lako. Ungonena kuti anakutuma abwana ako, iwe unakana koma anakukakamiza. Ndiwe mwana, akukhululukira. Moto ukayakire kwa mwini nambalayo."

Anatenga kapu yawo n'kubwerera kugeti.

Zinali zoona. Njira yotulukira inali imeneyo, ndipo inali yosavuta. Mayi Chipulikano sankadziwa ngakhale dzina la bambo a Immaculata. Ankadziwa a Sulaiman, amene nthawi imeneyo anali pashedi pawo akuganiza kuti wophunzira wawo wagona ndi mutu.

Immaculata anayang'ana zilembozo. Zinali zokongola kuposa china chilichonse pakhomapo, ndipo zinali bodza.

Anatsegula chitini cha penti yoyera. Yakuda ija inali isanaumitsitse, ndiye poyamba zinasakanikirana n'kukhala zotuwa. Anapaka kachiwiri, mokandapala, mpaka dzina ndi nambala zinamira. Kenako anaviika burashi yaing'ono mu penti yofiira. Zilembo zinapendama, koma zinkawerengeka: IMMACULATA LEXON.

Panja panalira hutala.

6. Folo koloko

Geti linatseguka, galimoto yoyera n'kulowa. Mayi Chipulikano anatuluka akuseka, akulankhula ndi munthu wina amene anali pampando wakutsogolo.

"Ndinati ndidutse kushedi kwanu ndikutengeni, mudzaone nokha zimene mwana wanu wachita."

Chitseko chinacho chinatseguka. Anatsika a Sulaiman, kofia ili kumutu, malaya ali ndi madontho a penti. Immaculata analakalaka nthaka itang'ambika.

Kuseka kwa mayiwo kunathera panjira.

"Ichi n'chiyani? Ichi n'chiyani, iwe? Khoma langa! Alendo anga akubwera Loweruka, makadi ndinatumiza kale! A Sulaiman, mumaphunzitsa zimenezi? Munthu n'kumutumiza kunyumba kwanga kudzajambula zimenezi?"

"Sananditume, mayi," anatero Immaculata. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye anabwereza mokweza. "Sananditume. Sankadziwa n'komwe. Ndinawanamiza kuti ndikudwala, inunso ndinakunamizani. Zithunzi za m'buku zija ndinkakopera pagalasi la foni. Ine kujambula sinditha."

Ngakhale a Bonaventure anayang'ana kumbali.

A Sulaiman sanamuyang'ane Immaculata. Anayenda m'mbali mwa khoma pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo, kuyambira pa tebulo loimirira lija mpaka pa makwerero ofiira. Pa kapu ya choko anaimapo pang'ono. Kenako anawerama pakona yam'munsi, pamene penti yoyera inali yonyowa, ndipo kunsi kwake kunkaonekera mthunzi wa zilembo zina. Anakhala chiweramire nthawi yaitali.

"Basi, zachitika," anatero Mayi Chipulikano. "Mwanayu atenge chikwama chake azipita. A Sulaiman, mawa mubwere mukonze nokha."

A Sulaiman anaweramuka.

"Mayi, pepani kwambiri chifukwa cha khoma lanu. Koma ine ndimakonza khoma limene lili ndi dzina langa. Apa palibe."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Mwini khomali walemba dzina lake, ndipo walilemba zinthu zitaipa kale. Akonze yekha. Ine mawa ndi mkuja ndibwera, ndikhala pampando apo, ndizilankhula mpaka atatopa nane. Koma choko sindigwira, burashi sindigwira."

"Nanga akalephera?"

"Akalephera, Lachisanu madzulo ndidzapaka khoma lonse loyera, alendo anu adzamwe tiyi pakhoma loyera. Palibe amene anafapo ndi khoma loyera."

Mayiwo anapumira m'mwamba. Anatulutsa foni yawo, n'kubwerera m'mbuyo, n'kujambula khoma lonse. Anayandikira n'kujambulanso dzina lofiira lija palokha.

"Izi ndisunga," anatero. "Likafika Loweruka ndilibe makapu anga, anzanga onse aliona dzinali."

Analowa m'nyumba, chitseko n'kumenyetsa.

Apa m'pamene a Sulaiman anatembenukira kwa Immaculata. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa kukalipa kwa mayi aja.

"Wandinamiza, ndipo bambo ako uwauza wekha lero, ine ndisanakumane nawo. Khomali likatheka, Lolemba ubwere kushedi, tikapitirize matumba athu a simenti. Likapanda kutheka, pali mwana wina wakhala akundipempha malo ako kuyambira chaka chatha. Wamva?"

"Ndamva, ankolo."

Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kachidutswa ka sandipepa, n'kumupatsa.

"Mawa sikisi koloko uyambe ndi kupala nsombazi. Dzinalo usalikhudze."

A Bonaventure anabweretsa foni ija, koma Immaculata anangoiponya m'chikwama osaiyatsa. Anayang'ananso khomalo. Pankafunika tebulo logona, ketulo, mbale ya masikono, kanjira kopita kutali ndi makapu asanu ndi atatu. Kunali kutatsala masiku awiri, ndipo m'dzanja lake lonse munali kapu imodzi yokha.